Che Alaudin ndi Galimoto ya Mpando Wotuluka Panja

Pa Songani, munthu akafuna Che Alaudin amayamba wafunsa ngati ali m'dziko muno. Ntchito yawo ndi yokatenga magalimoto ku doko la Dar es Salaam, aja ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan. Ambiri owatuma ndi ana a konkuno amene ali kunja, ku Joni, ku Ireland, ku Dubai. Mwini amasankha galimoto pa chithunzi, galimotoyo imakwera sitima, ndipo Che Alaudin amakaichingamira, kuidutsitsa pa chipata cha Songwe, kuilembetsa, kenaka kuipereka kwa abale itavala nambala ya dziko lino.

Bambo awo ankagulitsa matemba a ku Chilwa pa njinga. Che Alaudin anayamba ndi ukondakitala m'minibasi za Zomba mpaka Liwonde, ndipo madalaivala ankatopa nawo chifukwa cha mafunso. Utsi wakuda ukusiyana bwanji ndi woyera? Giya yobwerera m'mbuyo imalira chifukwa chiyani? Dalaivala wina, a Kenny, atatopa anawapatsa chiwongolero kuti mwina akhala chete. Kukhala chete sanakhale, koma kuyendetsa anakudziwa.

Khalidwe limenelo anakula nalo. Galimoto iliyonse akaitenga padoko amaisanthula ngati thumba lotola. Anapezamo ambulera ya mwana, timitengo todyera, tsiku lina nsapato imodzi ya mayi. Amafika nazo kunyumba nkuyamba kufunsa akazi awo, a Rahema, kuti mayiyo anayenda bwanji ndi nsapato imodzi.

"Pitani mukamufunse," amatero a Rahema akupeta mpunga.

Chaka chathachi anawaimbira foni Cathy, namwino wa ku Ireland, mwana wa a Yoswa ndi mayi Eliza a m'mudzi wa kuseri kwa Domasi Mission. A Yoswa ankadziwika ndi ukalipentala. Mabenchi ambiri a m'masitolo a pa Songani ndi a manja awo. Cathy anati wagulira makolo ake galimoto, mapepala ali m'dzina la amayi ake, ndipo sitima yayandikira.

Che Alaudin ataiona padoko anagwira pakamwa. Inali yaifupi koma yaitali denga, yamakona ngati buledi, yotuwa. Anadzifunsa kuti mtsikana wogwira ntchito kwa azungu, m'magalimoto onse aja, wasankhiranji bokosi ili. Funsolo anayenda nalo kudutsa Tanzania yense.

Yankho analipeza pa Songwe, akudikira pamzere kuti a msonkho awafikire. Dzuwa linali litawotcha, ndipo anatsegula chitseko chakumanzere kuti mulowe mphepo. M'mbali mwa mpando anaona kabatani kofiira kamene sanakaonepo m'galimoto ina iliyonse. Munthu wina akanakasiya. Iwo anakadina.

Mpando unayamba kung'ung'udza. Unatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana panja, nutuluka pachitseko, nutsika mpaka kufupi ndi dothi, nuima ngati ukudikira mlendo. Che Alaudin analumphira kumbuyo. Madalaivala a pamzere anasiya chipisi chawo nkuunjikana.

"Umenewu ndi wa mkwatibwi," anatero wina.

"Ayi, ndi wa zidakwa, kuti zisamagwe potsika," anatsutsa mnzake.

Che Alaudin sanaseke nawo kwambiri. Ankayang'ana potsamira mkono, pamene nsalu inali itaperepeseka mbali imodzi yokha. Munthu wina ankagwira pamenepo mwamphamvu masiku ambiri. Anaimbira Cathy pomwepo.

"Achemwali, galimoto yanuyi mpando wake watuluka panja. Ndaononga kapena ndi mmene ilili?"

Cathy anaseka, kenaka mawu ake anatsika. "Simunaononge, achimwene. Ndinagulira mpandowo. Bambo anadwala matenda ofa ziwalo, mbali yakumanja sigwira. Ulendo womaliza kupita kuchipatala anawanyamula anthu ngati thumba la chimanga, anthu a m'mudzi akuonerera. Chibwerereni anakana kutulukanso pakhomo."

Che Alaudin anali asanamve zimenezi. Anakumbukira kuti papita nthawi ndithu asanawaone a Yoswa pamsika, ndipo iwo, munthu wa mafunso, sanafunsepo. Njira yonse yotsika ku Karonga, Mzuzu mpaka kum'mwera ankangocheukira mpando wopanda munthuwo, akuganiza za nkhalamba ya ku Japan imene inkakhalapo, kuti kaya inachira kaya inatsogola.

Galimoto inafika, koma panatsala kulembetsa. Ku ofesi yoona za pamsewu amafuna mwini wake afike yekha adzadinde zala pa makina, choncho m'mawa wina Che Alaudin anawatenga mayi Eliza kupita nawo ku Blantyre. Mayiwo anavala chitenje cha Mvano, nakhala mowongoka ngati ali m'tchalitchi.

"Che Alaudin, ine njinga yomwe sinditha. Boma livomera kuti ndili ndi galimoto?"

"Livomera, mayi. Limangofuna zala zanu."

Zalazo ndiye zinavuta. Mayi Eliza anaika chala chachikulu pa kagalasi, makina osaona kanthu. Anaika cholozera, chimodzimodzi. Khasu, udzu wa m'madimba a mpunga ndi sopo wochapira zinali zitafafaniza mizere yonse. Mtsikana wa pa makinawo anawauza kuti apake chala pamphumi kuti chitengeko mafuta. Anayesa chimodzichimodzi, Che Alaudin atasuzumira kuti aone chimene makinawo amafunafuna. Pomaliza kachala kakang'ono ka kumanzere kanaoneka bwinobwino.

Mayi Eliza anakayang'ana modabwa. "Kaulesi aka? Zinzake zonse zagwira ntchito mpaka kutha, galimoto nkukhala ya aka?"

Mzere wonse unaseka. Anabwerera ku Domasi nambala zitamangidwa kutsogolo ndi kumbuyo.

A Yoswa anali pakhonde, ndodo ili pamiyendo. Anali ataonda, ndipo mawu ankatuluka mokoka. Che Alaudin anaimika galimoto pafupi ndi masitepe, nadina kabatani, mpando nutsika. Anansi anali atadzaza kale pabwalo.

"Bambo, mwana wanu wakutumizirani," anatero mayi Eliza.

A Yoswa anayang'ana anthuwo, nayang'ana kumbali. "Ine si katundu," anatero.

Palibe amene anawakakamiza. Mayi Eliza anangokonza chitenje nkukhala pampandopo okha. Unawanyamula, nuwatembenuza, nuwalowetsa, iwo atatseka maso akuitana dzina la Ambuye. Che Alaudin anagwada nkuyamba kusuzumira kunsi, chifukwa chichokereni ku Songwe anali asanamvetse chimene chimatembenuza mpandowo usanatuluke. Anaukweza, anautsitsa, akuyankhula okha.

"Ukuyenda pa njanji," anamveka mawu kuchokera pakhonde.

"Njanji ndaiona, bambo. Koma chikuupotoza nchiyani?"

A Yoswa anasendera kumapeto kwa benchi. "Tsitsaninso. Pang'onopang'ono."

Anthu atatopa nkuyamba kubalalika, amuna awiriwo anali adakali pomwepo, wina akuti pali mano a chitsulo, wina akuti pali lamba. Kenaka a Yoswa anati zinthu zotere munthu amazimva ndi msana, osati ndi maso. Anagwira phewa la Che Alaudin, nakoka mwendo, nakhala. Kabatani anadina okha ndi dzanja lamanzere.

"Mano," anatero atalowa. "Ndimakuuzani."

Mayi Eliza ankaganiza kuti amuna awo afuna kutchalitchi, kapena kuchipatala ku Zomba. Atafunsidwa, a Yoswa anagwira mutu wawo umene mayiwo ankaumeta ndi sizasi ya nsalu chidwalireni.

"Kwa Jones," anatero.

Jones ndi wometa wa pa Songani, kuseri kwa ogulitsa anyezi. Galimoto inaima pakhomo pake penipeni, mpando nutsika, ndipo Jones anatuluka ndi makina nkuwameta ali pomwepo. Ogulitsa, a kabaza ndi akalipentala anzawo akale ankabwera kudzapereka moni. Wina anawafunsa za matabwa a mkungudza amene ankamupindikira, ndipo a Yoswa anamukalipira kuti anawaumika padzuwa.

Che Alaudin ntchito yawo inali itathera pamenepo, koma pakhomopo panalibe wodziwa kuyendetsa. Tsopano akakhala kuti sali paulendo, Lamlungu amawatenga awiriwo kupita ku Mission, nkudikira pansi pa mtengo mpaka mapemphero atatha. Mbiri ya mpandowo inafalanso. Mabanja okhala ndi odwala osayenda amabwera kudzapempha, a kumzikiti ndi a kutchalitchi omwe, ndipo wovomereza kapena kukana ndi mayi Eliza, poti galimoto ndi yawo.

Mvula itayamba, kanjira kolowera pakhomopo kanasanduka matope, galimoto nkumakanika kukwera. A Yoswa anaitanitsa miyala ya kumtsinje. Sabata yonse anali pabwalo, akulozera anyamata ndi ndodo poika mwala uliwonse, ndipo pamene sipanawakomere ankalamula kuti afukule ayambirenso.