Ulendo wa Panjinga Chifuwa Chitandibanika

Utsi ndi umene ndimayamba kukumbuka. Chaka chimenecho magetsi ankathima masiku angapo osabwera, ndipo dera lathu lonse la Highfield linkaphikira panja, ena ndi nkhuni zaziwisi, ena ndi zidutswa za matayala. M'nyengo yozizira utsiwo sunkakwera kumwamba, unkangoyala pakati pa nyumba ngati nkhungu, n'kumawawa kukhosi. Anzanga ankathamanga momwemo, kukankha mawilibala a zigubu zamadzi kapena kumenya chikulunga mumsewu, poti aphunzitsi anali atasiya kubwera kusukulu. Ine, wa zaka zisanu ndi zinayi, ndinkangowaonera pawindo chifukwa cha mphumu.

Bambo anga ankasonkheza moto wa malasha pafakitale ina ku Workington, mpaka pamene inatsekedwa. Anali munthu wa mawu ochepa. Ndikadandaula kuti ndadya koma miyendo ilibe mphamvu, ankagwira chala changa n'kuchiika pamtsempha wa padzanja. "Ukumva kugundako? Ndi magazi amenewo. Atenga mpweya kumapapo, akuupititsa kumiyendo. Popanda mpweya, mwananga, chakudya sichingayake m'thupi."

Tsiku lina ndinadzuka chifuwa chikulira ngati wenzulo, mankhwala opopera m'kamwa atatha kalekale. Milomo itayamba kuda, mayi anandimangirira ndi nsalu kumsana kwa bambo ngati khanda, bambo n'kukwera njinga, chifukwa makombi, maminibasi akumeneko, anali atasowa mafuta. Kuchipatala chapafupi tinapeza mulibe mankhwala, ndipo anatilozera kachipatala ka mpingo wina, kutali, kupitirira mafakitale onse. Bambo anali asanalawe kanthu chidyereni dzulo lake masana.

Khutu langa linali pamsana pawo. Ndinkamva mtima wawo ukugunda mwamphamvu, nthiti zikufutukuka n'kubwerera, thukuta likunyowetsa tsaya langa ngakhale kunali chisanu. Ife ana tinkawayankha m'Chishona nthawi zambiri, koma iwo sankasiya Chichewa chawo. "Usalimbane nawo mpweya," anatero. "Tsatira ine. Ndikakoka, koka. Potulutsa usafulumire." Ndinkayesa, n'kulephera, n'kuyesanso.

Pachitunda china mphamvu zinawathera. Anatsika n'kumakankha njinga, ali wefuwefu, kenako anatsamira mtengo wamagetsi maso ali gwa. Mayi wina wogulitsa pambali pa msewu anawatambasulira kapu ya mahewu osafunsa kanthu. Bambo anamwa ataimirira, ine ndili kumsana, anadikira pang'ono kuti mphamvu ibwerere, n'kukweranso.

Titafika, namwino anandiveka chopumira kumaso, ndipo mpweya wozizira unalowa mpaka pansi pa chifuwa. Sindinamvepo chinthu chokoma chotero. Nditatembenuka ndinaona bambo atagona tulo pabenchi, pakamwa pali yasa, nsapato imodzi itang'ambika kutsogolo.

Anamwalira patapita zaka zinayi. Maliro atatha m'pamene mayi anandiuza kuti pa nthawi ya ulendo uja mapapo a bambo anali atawonongeka kale ndi fumbi la malasha, ndipo dokotala anali atawaletsa ntchito zolemetsa, ngakhale kupalasa njinga kumene. Atabwerera kunyumba tsikulo anatsokomola magazi kuseri kwa nyumba, n'kuwapempha mayi kuti asandiuze. Lero ndimakwera masitepe a kuntchito osapumira panjira, ndipo ndikafika pamwamba, nthawi zina ndimaima kaye. Ndimalakalaka ndikanawafunsa, ngakhale kamodzi kokha, ngati pachifuwa pawo pankawawa.