Digiri ya Miyezi Makumi Awiri

Ana asukulu ankawatchula kuti Mayi Chete, chifukwa kwa zaka zambiri mawu omwe ankamveka kwambiri m'laibulale ya pasekondale ija anali awo omwewo: "Chete!" Dzinalo linawakanirira, mpaka amuna awo, omwe anali makaniko, ankawaitana choncho akafuna kuwaputa.

Mayi Chete anali ndi dipuloma yomwe anaipeza akadali mtsikana. Digiri ankaisirira, koma akaganiza za zaka zinayi ankangopukusa mutu. Ana anabadwa, apongozi anadwala nthawi yaitali, zaka n'kumapita. Tsiku lina mwana wawo wachisamba, mtsikana yemwe anali atangoyamba chaka chachitatu ku yunivesite, anabwera ndi kapepala.

"Amayi, taonani izi. Anthu apantchito omwe ali ndi dipuloma akumaliza digiri m'miyezi makumi awiri basi."

"Miyezi makumi awiri? Akuphunzitsa anthu kapena akuwathamangitsa?"

"Dipuloma yanuyo aiwerenga ngati chaka choyamba. Zaka zitatu zotsalazo amazipanikiza. Tchuthi kulibe."

Bambo a m'nyumba, omwe ankasamba m'manja pakhomo, analowererapo. "Injini ukaithamangitsa chonchi imatentha. Koma pitani, mayi, ine ndizikuthirirani madzi."

Anayambadi, ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Kalasi yawo inali chipinda chapamwamba pa shopu yogulitsa mipando, momwe munkanunkha vanishi ndi utuchi. Ankakumana Lachisanu masana ndi Loweruka tsiku lonse. Phunziro lililonse linkatenga masabata asanu ndi limodzi. Sabata yomaliza mayeso, Lachisanu lotsatira buku lina lili kale patebulo. Munthu ukadwala chimfine sabata imodzi, pobwera unkapeza anzako akuyankhula zinthu zachilendo.

Nthawi yofunsana mbiri inalibepo, ndiye ankangoitanana ndi ntchito zawo. Kunali Apolisi, bambo wamtali yemwe ankavula chipewa pamasitepe kuti asaopseze mphunzitsi. Kunali Anamwino, omwe ankasinza ndi cholembera m'manja koma mayeso onse n'kumakhoza. Mayi Chete ankakhala pakati pa awiriwa, pafupi ndi zenera losatsekeka bwino.

M'mwezi wachisanu ndi chiwiri anagwa phunziro la masamu a kafukufuku. Ataona zotsatira anatsika masitepe osatsanzika munthu, n'kukaima pakati pa masofa ogulitsa aja misozi ili chuchuchu. Apolisi anawalondola.

"Mayi, mukuthawira kuti?"

"Kunyumba. Mutu wangawu unakalamba, achimwene. Izi n'za ana."

"Ana ake ati? M'kalasi muja wamng'ono ndi ine, ndipo imvi ndi izi. Bwererani, ndisanakumangeni."

Anaseka uku akupukuta m'maso, n'kubwerera. Lamulo linali lakuti phunziro lomwe wagwa ulibwereze pamodzi ndi lotsatira, motero masabata asanu ndi limodzi amenewo anasenza awiri. Nthawi ya chakudya chamasana Apolisi ankawalembera masamu kuseri kwa mafomu akale a kuntchito kwawo, Anamwino n'kumawafunsa mafunso ngati akufunsa wodwala pomwe pakupweteka. Kunyumba bambo anaphunzira kusita mayunifolomu a ana, ndipo siketi imodzi ya mwana womaliza inapsa pamsana pa digiri yomweyo. Ulendo wachiwiri anakhoza.

Miyezi yotsalayo inangodutsa ngati mphepo. Anamaliza kutatsala miyezi inayi kuti mwana wawo uja amalize yake.

"Amayi inu, kapepala ndinakubweretserani ndine, ndiye mwandipitirira pakona?"

"Ukanena zambiri ndikuthandiza homuweki," anayankha akuyesa chipewa cha makona anayi pagalasi.

Loweruka loyamba atamaliza anadzuka m'mamawa monga mwa nthawi zonse, anasamba, anavala, n'kunyamula chikwama. Atafika pageti m'pamene anakumbukira kuti kulibe kopita. Anabwerera n'kukhala pampando wapakhonde chikwama chili pamiyendo mpaka tiyi yemwe bambo anawabweretsera anazizira.

Digiriyo inagwira ntchito yake. Patapita chaka anawatenga kukayang'anira laibulale yaikulu ya pakoleji ina, komwe anagwira mpaka kupuma. Koma akamacheza za moyo wawo, ofesi yabwino ija saitchula kwenikweni. Amakamba za chipinda cha vanishi chija. Mwana wawo akamasimba za anzake a zaka zinayi, omwe mpaka lero amayenderana pa maukwati, iwo amamva kansanje pang'ono. Anzawo a m'kalasi aja anabalalika tsiku lomwelo lolandira madigiri ndi kujambulitsa zithunzi. Apolisi anawasamutsira kutali; za Anamwino anangomva kuti anatsatira ana awo kunja.

"Tinkathamangira chiyani kodi?" Mayi Chete anafunsa amuna awo tsiku lina.

"Munkati ukalamba ukukuthamangitsani."

"Ee, unandipezabe. Akanandipatsa zaka zinayi zonse zija, lero ndikanazilandira ndi manja awiri."

Chaka chatha, posesa kuchipinda, anapeza kuti chiswe chalowa m'katoni ya makope awo n'kudya awiri. Anakhala pansi masana onse akukuntha otsalawo limodzilimodzi, n'kumawerenga zomwe ankalemberana m'mphepete mwa masamba mphunzitsi akayang'ana kubolodi. Kenako anaitana bambo kuti abwere ndi makwerero, awakwezere katoniyo pamwamba pa wadirobu.