Kathabwa Kozondoka M'phiko la Ndege

Loweruka lililonse, ndikaweruka kosamalira okalamba mumzinda wa Brampton, kunja kuno, ndimakathandiza anzanga ongodzipereka kukonza mapiko amatabwa a ndege yakalekale, ija ya mapiko osanjikizana. Tsiku lina mtsogoleri wathu, mkulu wa imvi mbuu, ankamata mozondoka kathabwa ka m'kati mwa phiko. Ine ndinaona bwinobwino. Koma kwathu mwana sadzudzula wamkulu pagulu, komanso ndinali nditatopa ndi ntchito. Atandifunsa kuti, "Kali bwino?" ndinati, "Eya, bambo," n'kuwagwirira kathabwako mpaka guluu atauma.

Woyendera ntchito atabwera n'kuona kuti kathabwako n'kozondoka, tinakanganula zonse zomwe tinamata mwezi umenewo. Mkuluyo anangoti, "Maso anga atha," n'kundipatsa epuloni yawo. Sanabwerenso.

Ndimaivala mpaka lero. Anzanga akamanditama kuti ndili ndi maso akuthwa, ndimangothokoza, ndi ulemu womwe uja.