Chitini cha makiyi cha alamu anga

Khetye! Pakati pa usiku ndinamva kiyi akulowa mu loko wa chitseko chathu, pomwe bambo a mwana anali kuntchito yausiku yophika buledi ku bekale. Kiyi uja anazungulira bwinobwino osakakamira, ngati wa mwini nyumba. Ndinamutseka mwana pakamwa ndi bere. Chitseko chinakankhidwa, mpiringidzo wachitsulo wa m'kati n'kukana. Wina ananong'ona panjapo, mapazi n'kusunthira khomo lotsatira, la mayi telala.

Kumeneko kunalibe mpiringidzo. Ndinamva makina osokera akukwakwazidwa pasimenti, kenako mfuu ya mayiyo, kenako chikwanje chikugwera pa munthu. Kuchindikala kwa khoma lathu ndi njerwa imodzi basi. Ndinamva zonse.

Loko wathu, wa mayi telala, ndi a mdadada wonse wa nyumba zalendi, anatigulitsa ndi kutiikira ndi alamu anga, akulu awo a mwamuna wanga. Kumsika amawatcha Bwana Makiyi.

Sanayambe ndi maloko. Anakulira pa shedi yowotcherera zitsulo kuseri kwa msika, ndipo mpaka lero maso awo ndi ofiira ngati angolira kumene. Ankapanga mipiringidzo ndi zotsekera mageti. Zinthu zawo zinali zolimba, koma kunena zoona zinali zonyansa, zakuda, zatimabampu. Wogula ankachitembenuza m'manja n'kufunsa kuti, "Chopangidwa konkuno chomwechi, mtengo wonsewu n'chiyani?" Chitsulo chokha, asanachiwotche n'komwe, chinkadula kuposa loko wathunthu wochokera kunja. Atatopa kugona ndi njala, anagulitsa makina awo n'kuoda makatoni a maloko akunja, onyezimira ngati golide, okhala ndi zilembo zomwe palibe ankatha kuwerenga. Anthu anakhamukira pa tebulo lawo. Alamu ananenepa, n'kugula jekete.

"Chakunja sichinama, akazi anga," ankandiseka motero akabwera kwathu. Mpiringidzo wa pachitseko chathu unali wotsalira, womwe unasowa wogula. Anandiikira ndili woyembekezera, chifukwa ndinkadandaula kuti usiku ndimamva zinthu. "Inu mantha anu, ngakhale mphemvu ikatsokomola mudzuka," anatero akukhoma.

Pansi pa tebulo lawo pankakhala chitini chakale cha utoto, chodzaza makiyi otsalira ndi otoledwa. Munthu akataya kiyi wake, alamu ankanyamula chitinicho, kukafika pakhomopo, kuyesa uyu, kuyesa uyo, chitseko n'kutseguka. Sankalipiritsa. Anthu ankawomba m'manja amvekere, "Bwana Makiyi manja awo ndi amankhwala!" Iwo n'kumayenda modzigomera. Ine ndinkaona kuti sachedwa kupeza wolowa, ndipo tsiku lina ndinawafunsa kuti zimatheka bwanji. Anandiyankha kuti, "Mlamu, maso anuwa bwenzi mutalowa upolisi."

Kutacha usiku uja, mayi telala anawatengera kuchipatala atakulungidwa m'nsalu za makasitomala awo, mkono utatemedwa mpaka fupa kuoneka. Mchimwene wawo, yemwe ali ndi butchala, anafika n'kugwada pachitseko. Anasisita loko, anasisita felemu. Panalibe pothyoka.

"Ndani kuno amatsegula zitseko za eni osathyola?" anafunsa.

Onse anangotembenuka kulunjika kumsika. Ndinabereka mwana n'kuwatsatira chapatali.

Alamu anali akuyala katundu. Ataona gulu anamwetulira, kuyesa ogula. "Mwadzuka bwanji akuluakulu, lero ndiye mwandilawirira..."

Wabutchala anatola loko pa tebulo n'kuwakhoma naye pakamwa. Mano awiri anagwera m'fumbi. Wina anagubuduza tebulo, chitini chija n'kukhuthuka, makiyi mbwee m'njira monse.

"Si awa! Makiyi a nyumba zathu si awa!"

"Mfiti iwe! Masana utigulitse, usiku utitumizire anyamata ako?"

Anawaponda m'nthiti, kumaso, paliponse. Anthu omwe ankawaombera m'manja ndi omwe anali patsogolo. Wabutchala anawagwira dzanja lamanja, kuliyala pa mwala wochirikiza tebulo, n'kumalisinja ndi loko uja ngati akuswa fupa la ng'ombe. Kulira kwa alamu sindidzakuiwala. Mayi wina wogulitsa sopo, amene amandipatsa moni tsiku lililonse, ankakuwa kuti, "Bweretsani tayala! Ndani ali ndi petulo?" Ndinabisala kuseri kwa mulu wa mabeseni, kuopa kuti wina andiloza kuti uyo ndi mlamu wake.

Alamu anakweza mutu, magazi ali chuchuchu pachibwano. "Tengani kiyi wanu," anatero movutikira. "Aliyense. Wa m'thumba mwanu. Mutsegule atsopanowo, a m'katoni."

Wometa tsitsi wa pafupi ndi tebulo lawo ndiye anamvera. Anang'amba bokosi, kulowetsa kiyi wa kunyumba kwake. Khetye. Anang'amba lina, linakana. Lina, khetye. Mnyamata wa njinga anayesa wake, nayenso chimodzimodzi. Aliyense anayang'ana kiyi wake ngati wagwira njoka. Wakuba sanafunikire alamu anga. Anangofunika kugula loko mmodzi, ngati tonsefe.

Ndinayesa kuti basi awasiya. Koma wabutchala anapukuta thukuta n'kunena kuti, "Ndiye kuti unkadziwa." Anayambiranso kuwamenya mateche, ena n'kumaphwanya maloko ndi miyala. Loko mmodzi atang'ambika, m'kati munali timalata topyapyala toti mwana atha kupinda ndi zala. "Chikomekome cha mkuyu," anatero wometa uja, akutaya kiyi wake m'ngalande. Tayala linali litafika kale pomwe alonda a msika anabwera ndi apolisi n'kuwakoka alamu m'manja mwa anthu.

Alamu atatuluka kuchipatala, mwini nyumba yomwe ankachita lendi anali atawatayira katundu panja. Tinawayalira mphasa kwathu, pakati pa bedi ndi ndowa za madzi. Zala zitatu za dzanja lija sizipindikanso. Ena akamadutsa amagenda denga lathu, mwana n'kudzidzimuka.

Mwamuna wanga anawafunsa maso ndi maso. "Achimwene, munkadziwa kapena ayi?"

"Ndinkaona kuti kutsegulako kukuphweka," anatero alamu. "Koma anthu akamakutcha katswiri, umafunsanso?"

Kunjaku owotcherera akweza mtengo wa mipiringidzo, poti aliyense akuifuna. Amene alibe ndalama akutsamiritsa mipando ndi mitondo kuchitseko. Mayi wa khomo lakumapeto ndinamuona akuchokera kusitolo ina ndi loko wonyezimira yemweyo, bokosi lokha losiyana mtundu. Nditamuyang'ana anati, "Nanga nditani, mayi a mwana? Zolimbazo n'za olemera."

Mwamuna wanga anapeza galimoto yoti iwatenge alamu kupita kutali, kwa achemwali awo, zinthu zisanafike poipanso. Ine ndinasangalala, ndisaname. Ndinkafuna miyala ija ithe.

Alamu anakana. Dzulo madzulo anapita ku shedi yawo yakale, komwe mnzawo wavomera kuwabwereka makina akaweruka. Anabwerako ndi mipiringidzo ingapo yokhotakhota, yoipa kuposa yakale ija, poti awotcha ndi dzanja lamanzere. Anandipempha ndiwaikire m'chikwama pamodzi ndi hamala ndi misomali, chifukwa zipi sangathe kutseka okha.

"Mukupita nazo kuti, alamu?"

"Khomo lililonse lomwe ndinaikapo loko. Ofuna andipatse ya chitsulo chokha akadzapeza. Osafuna anditukwane."

"Akuphani anthu aja."

"Akazi anga, wamasiye simukhala, mng'ono wangayu alipo," anatero, akuseka ndi pakamwa pogweluka mano.

Ndinawachonderera kuti bola ayambire kutali, kwa anthu amene sanaone magazi. Anapukusa mutu. Ati mawa ayambira khomo lotsatirali, la mayi telala, pomwe kuyambira tsiku lija wabutchala amakhala pakhonde kulondera mlongo wake, mpeni wa nyama uli pamwendo.