Msuzi wa Mbewa m'Mbale ya Che Bwanali

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene Che Bwanali, telala wachiyao wochokera ku Nyasalande, ankasoka pakhonde la sitolo ku Pembamoyo. Msilamu anali iwo okha pakati pa ife a kutchalitchi. Ayao anzawo odutsa ndi malonda ankawapsompsona dzanja n'kumawatchula kuti waliyi, ndiye kuti bwenzi la Mulungu. Ankati munthu wotere amaona zobisika.

Popeza analibe mkazi, amayi ankawaphikira ndiwo m'kamphika kapadera, kosakhudzapo nkhumba kapena mbewa, ndipo wokapereka ndinali ine. Tsono ine ndinabadwa wamakani. Ndinauza atsikana anzanga kuti, "Ngati amaonadi zobisika, tiona."

Tsiku lina masana ndinatapa msuzi wa mbewa zimene atate anakumba, n'kuthira m'chigwada chotendera cha Che Bwanali. Ndinavundula ndi kamtengo. Iwo anasamba m'manja, natchula dzina la Mulungu, n'kudya zonse ine ndili chilili. Anathokozanso.

Ndinathamangira kuchitsime kukadzitama, ndipo pofika m'mawa mwake nkhani inali itawapeza Che Bwanali. Amayi okha ndiwo anali asanamve. Nditabwera ndi mbale ndinapeza makina osokera ali zii, maso a Che Bwanali ali ofiira.

"Khala pansi, mwanangu. N'zoona?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Unkafuna chozizwitsa," anatero. "M'Buku lathu muli Mariyamu, amene ankapeza chakudya chochokera kwa Mulungu m'chipinda mwake. Shehe amene anandiphunzitsa ankati zotere Mulungu amapatsa abwenzi ake akafuna yekha, si zoonetsera ayi. Ine sindiona zobisika. Ndinkadya chifukwa ndinakhulupirira manja a amayi ako, ndi akowo."

Manyazi anandigwira. Munthu wosalawapo choletsedwa moyo wake wonse, ine n'kumudyetsa pofuna kuseketsa anzanga. Ndinadikira kuti andibwezere mbaleyo, kapena akandineneze kwa amayi.

Anavundukula mbale. Sananunkhize, sanafufuze ndi chala, sanandifunsenso kanthu. Anatchula dzina la Mulungu n'kuyamba kudya, ine misozi ili chuchuchu.

Lero ndakalamba, ndipo ndikadali wa mpingo wanga womwe uja. Za mawaliyi sindidziwa zambiri. Koma anthu andinyengapo kangapo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamulandiranso mbale osainunkhiza. Ndayesa, zandikanika. Che Bwanali anachita zimenezo pamaso panga, tsiku limodzi lokha litapita.