A Hector, Bwezani Wayilesi ya Bambo Anga

A Hector ali ndi wayilesi yanga. Anainyamula pakhomo panga ku Mufakose mu 1983, mpaka lero sinabwere. Ndiye Lamlungu lapitali akunditumira mkulu wa mpingo, ati tikhululukirane poti takalamba.

Kukalamba? Wayilesinso yakalamba, koma ndi yanga!

Anzanga, ine Dolly sukulu sindinapondeko. Akulemba izi ndi Effie, neba wanga, ndipo ndamuuza asachotsepo liwu.

Wayilesiyo inali Supersonic ya bambo anga. Bambo anachoka ku Ntcheu kudzagwira ntchito kuno kunja kwa Malawi, m'fakitale za ku Graniteside, ndipo wayilesi ya kumudzi ankaigwira pa shotiwevu. Manambala sankawadziwa, ngati ine ndemwe. Anangokanda kamzere ndi msomali pagalasi. Singano ikafika pamenepo, basi Malawi walowa m'nyumba.

Bambo atamwalira, mayi anabwerera kumudzi. Ine ndinakana, ndinali pantchito. Anandisiyira wayilesiyo.

"Dolly, kalata sutha kuwerenga. Chikadzandichitikira udzamva pa mauthenga a maliro. Usamaphonye."

Sindinkaphonya.

Ufulu wa dziko lino utangobwera, tsiku lina ndinaika singano pakamzere paja... kungoti shiii, ngati mvula pamalata. Ndinagula mabatire atsopano. Ndinaimenya mbama. Ayi ndithu.

Ndili pakhonde ndikuitukwana, panadutsa mnyamata wovala ovololo ya buluu, akukankha njinga.

"Achemwali, mukumenya wosalakwa. Asamuka amenewo."

"Asamukira kuti? Malawi wamera miyendo?"

"Asintha mita bandi, malo awo pagalasipo. Tandipatsani."

"Inu ndani?"

"Hector. Kwathu ndi ku Dedza, musaope."

Anakwera padenga, anamanga waya kuchokera pamalata mpaka pamtengo wa mapeyala. Atatsika anayamba kupotokola pang'onopang'ono, khutu lili pawayilesi ngati adokotala. Kenako mawu aja, mbee! Chichewa cha kwathu!

Ndinalira, anzanga. Pamaso pa mlendo.

"Muli ndi kyutekisi?" anandifunsa.

Ndinamupatsa yofiira, yomwe ndinkapaka m'zikhadabo. Anadontheza pagalasi, pafupi ndi kamzere ka bambo.

"Kamzereko n'ka bambo anu. Kadonthoka n'kanga. Mukandisowa muziika singano apa."

Eee, mnyamata anali ndi pakamwa uja.

Lamlungu lililonse ankabwera kudzaona waya. Waya wake wosadwala n'komwe! Ankabwera ndi mabanzi ndi Fanta, tikumvera nyimbo za kumudzi pakhonde. Maneba achishona akatinena kuti maNyasarandi ayamba phokoso lawo, ine ndinkawonjezera voliyumu. A Hector kuseka mpaka kutsamwa.

"Dolly, udzatithamangitsitsa kuno."

"Ufulu ndi wa tonse. Bambo anga anatuluka thukuta m'fakitale zomwezi."

Ndinawakonda, sindibisa. Ndinawachapira ngakhale ovololo ija.

Mu 1983 mawu anayambanso kuthawa, kumveka ngati munthu ali m'chitsime. Nthawi yomweyo kunamveka kuti wayilesi ya konkuno yayamba kuyankhula chinenero chathu pa FM. Yanga inalibe FM.

"Ndiitengere ku Graniteside, darling. Mnzanga Lameki akaikemo FM, uzimva konsekonse."

"Nanga mauthenga a maliro?"

"Masiku ochepa okha. Mayi ali bwinobwino, usawalodze."

Ndinaikulunga ndekha m'chitenje, n'kuimangirira panjinga pawo. Ndekha!

Masiku ochepa aja anasanduka miyezi. Ndikafunsa, ati sipeya ikuchokera ku Bulawayo. Ndikafunsanso, ati Lameki wadwala. Kubwera kwawo nakonso kunayamba kuzilala ngati shotiwevu.

M'mawa wina ndikuyanika zovala, pageti panafika mzimayi woyembekezera. Anagwada.

"Ndinu a Dolly, mwana wa mayi Nasibeko a ku Ntcheu?"

"Ndine."

"Ine ndine Olinda, wa konkuno ku Mufakose, kuseri kwa msika. Pepani kwambiri, mayi atisiya. Analengeza dzana, ati Dolly wa ku Mufakose amve. Ndakhala ndikufunsafunsa mpaka ndakupezani. Maliro aika dzulo..."

Ndinakhala pansi m'fumbi, chovala chonyowa chili m'manja. Sindikudziwa chimene chinandifunsitsa.

"Mwamva pa wayilesi ya ndani?"

"Ya bambo a kunyumba, a Hector. Anandipatsa pa chinkhoswe chathu. Ili ndi kadontho kofiira, ati anaikira ine kuti ndisamasochere."

"Iwo uthengawo anaumva?"

"Anaumva. Anangozimitsa n'kutuluka."

Anzanga, imani kaye pamenepa. Mayi anga anandiitana pa wayilesi ya mwamuna wawo, munthu n'kuzimitsa. Amene anayendayenda ndi pakati kundifunafuna ndi mkazi wosandidziwa n'komwe.

Olinda ndinamuuza zonse pomwepo. Analira kuposa ine, ati mawa ndiibweretsa. Mawa lake a Hector anali atasamutsa banja, ndi wayilesi yomwe, kupita ku Epworth.

Olinda sindinamusungire mangawa. Iye atamwalira ndinapita ku Epworth, ndinaimba nawo, ndinaphika nawo. Wayilesi ndinaiona ndi maso angawa pamwamba pa kabati, atafunditsa kansalu. FM sanaikemo. A Hector anakhala kuseri kwa nyumba tsiku lonse ngati pali amene akuwasaka. Pamaliro sindikanaitenga, ndinaleredwa ine.

Effie akuti, "Mayi, wayilesi yakufa muichita nayo chiyani? Pafoni pomwepa Malawi akumveka."

Ndikudziwa. Sindikufuna mawu ake. Ndikufuna kamzere ka bambo anga.

Tsono a Hector, ana anu alipo, akuwerengereni. Musatumenso mkulu wa mpingo. Kwerani kombi nokha, wayilesi ili pamiyendo, mudzaiike pakhonde pomwe munainyamula. Nyumba ndi yomweija, mtengo wa mapeyala ulipobe, waya wanu ukadali lende.

Musanabwere, kadontho kanu kofiirako mukande nokha. Kamzere ka bambo musakakhudze.