Kamawu Kang'ono ka Wotanthauzira Filimu

Lamulungu lapitali titaweruka kutchalitchi tinakhala pakhonde kuonera sewero lakunja, lija amalilowetsa Chinyanja anyamata a m'tauni. Mukuwadziwa. Munthu mmodzi yemweyo amalankhulira onse: mfumu ndi iye, wakuba ndi iye, akafika pa mkazi amafinya pakhosi n'kutulutsa kamawu ngati ka mwanapiye.

Filimuyo anabwera nayo mkamwini wanga, a Namaona, ndipo sanabwere nayo chabe. Mwana wanga Esinati anasankhidwa ndi anzake kusikimu ya mpunga kuti akaphunzire kuyendetsa kathirakitala kolimira. Iye mtima unali utapita kale. Amuna ake ndiwo ankakana.

"Amake Chifundo, onerani bwino pamenepa," anatero a Namaona. "Ngakhale kunja komwe akudziwa."

Musewero muja munali mayi woyendetsa sitima yapamadzi. Anaima pamaso pa mwamuna wake, kamawu kaja n'kuyamba: "Pepani bambo, ndinalakwa kusiya khitchini. Za sitima ndaleka." Mwamunayo misozi mbwee. Wotanthauzira akuti: "Ndikulira ndi njala, mkazi iwe!"

Esinati anangoweramitsa mutu.

Koma Mulungu amatumiza mlendo pa tsiku lake. Kunali Tadala, mwana wa mng'ono wanga, amene akuphunzira ku Zomba. Ntchito yake ya kusukulu akuti ndi yomweyi: kuona mmene akazi ndi amuna amasinthira nkhani ikawoloka malire. Amamvetsera pamodzi ndi makina a nzeru zochita kupanga, omwe iwo amati Eyiayi.

"Amayi aakulu, dikirani," anatero akufufuza pafoni. Anapeza chigawo chomwecho m'chilankhulo cha eni ake, n'kuwamvetsa makinawo. Kenako anayamba kuseka mpaka kugwira chipupa.

"Tatiuza, iwe!" anatero Esinati.

"Mayiyu akuti, 'Sitima inyamuka mawa, woyendetsa ndine. Ukandidikire padoko.' Bambowa akuti, 'Ndimakunyadira.' Za njala palibe!"

Abale inu, chiseko chake! Ine mpaka mpango unagwa.

A Namaona anakanda m'mutu. "Makinawo samanama?"

"Amaphonya ndithu, alamu," anayankha Tadala. "N'chifukwa chake sindiwakhulupirira okha. Tiyeni tipitirize filimu yanu yomweyi, maso aweruze."

Tinapitiriza. Kutacha, uyo mayi uja ali pachiwongolero, chipewa kumutu, amuna akuthamanga iye akaloza. Wotanthauzira wathu thukuta, kamawu kaja n'kumati: "Ndangobwera kudzatenga zovala zanga." Zovala zake zotenga sitima ili pakati pa nyanja?

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ine sukulu ndinalekera kupulayimale, chilankhulo cha eni filimu sindichimva, ndipo anyamata otanthauzirawa ndimawayamika. Popanda iwo bwenzi tikungoona milomo ikugwedera. Amatiseketsa, Mulungu awadalitse. Koma taonani zimene amachita. Mwamuna akalankhula amamusiyira ulemu wake. Mkazi akakhala dokotala kapena woweruza milandu, amamuveka chitenje cha kwawo n'kumubweza kumafuwa. Mwamuna akalira ndi chikondi, amamupezera njala. Kodi amuna athu sangamve mawu oti "ndimakunyadira" osakomoka?

Ndipo ana athu amaonera zimenezi kuvidiyo kwathu ku Kachulu tsiku ndi tsiku, n'kumayesa dziko lonse linagwirizana choncho.

Kwathu kuno mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Mawu timapatsira mwana kuti akafikitse. Tsiku limenelo ndinaopa kutuma munthu. Ndinayang'ana kumbali monga mwa ulemu, n'kunena ndekha: "Bambo a Chifundo, mwanayu ndinakupatsani ali ndi manja awiri ndi mutu womwe. Musagwiritse manja okha."

Mtima wanga unali kupemphera.

Kenako a Namaona anaseka. "Amayi, ndamva. Apite. Koma akadzabwera nako kathirakitalako ayambire munda wanga, ndipo asadzandigunde nako."

Esinati anaimirira n'kuvina pomwepo, ine nthungululu. Dzulo wayamba maphunziro ake, wabwerako matope mpaka m'makutu, mano onse pamtunda. Ambuye alemekezeke.

Nanga inu owerenga, mwana wanu wamkazi akafuna kunena zakukhosi, amanena ndi pakamwa pake, kapena pakhomo panu pali wina womulankhulira?